Mafilimu akale oyimba ndi kuvina a ku Hollywood: kukoma kwake ndi zimene ankabisa

Kuyambira chaka cha 1927 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, makampani opanga mafilimu a ku Hollywood, m'dziko la America, anatulutsa mafilimu mazanamazana a mtundu umene masiku ano umapangidwa mwa apo ndi apo. Nkhani yake inkakhala yopepuka ndi yoseketsa, kawirikawiri ya mwamuna ndi mkazi amene akufunana koma pali kusamvana kwina kowalepheretsa, ndipo pakangopita mphindi zochepa anthu a m'seweromo ankasiya kulankhula n'kuyamba kuyimba ndi kuvina, kaya ndi pamsewu, m'chipinda cha hotela kapena m'sitima yapamadzi, popanda wowafunsa kuti chachitika n'chiyani. Amene anazolowera mafilimu a ku India sangadabwe ndi kachitidwe kameneka. Oonera a masiku ano amagawanika pa mafilimuwa, chifukwa ena amati ndi nkhokwe ya luso la kuvina limene silidzaonekanso, pamene ena amati ndi zosangalatsa zopanda pake zodzaza ndi tsankho komanso kupeputsa akazi. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, ndipo munthu akayang'anitsitsa mmene mafilimuwa ankapangidwira amapeza kuti kukoma kwake ndi zilema zake zinamera pa muzu umodzi, womwe ndi luso lobisa thukuta la ovina, mwini wa mawu amene akumveka, komanso kumene gule weniweniyo anachokera.

Mtundu umenewu unabadwira limodzi ndi mafilimu olankhula. Mu 1927 kampani ya Warner Bros. inatulutsa The Jazz Singer, filimu yomwe mbali yake yaikulu inali yopanda mawu monga mafilimu ena onse a nthawiyo, koma munali nyimbo zingapo ndi mawu ochepa olankhulidwa ndi woyimba Al Jolson. Anthu anakhamukira kukaionera, ndipo makampani onse anathamangira ku New York kukatenga oyimba, ovina ndi opeka nyimbo a zisudzo za ku Broadway. Mu 1929 kampani ya MGM inatulutsa The Broadway Melody, imene inakhala filimu yolankhula yoyamba kupata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Komabe mafilimu oyambawo anali ouma. Kamera inkasokosa, choncho ankaitsekera m'kachipinda kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni, ndipo gulu la oyimba ndi zida linkayenera kukhala pambali n'kumayimba nthawi yomweyo. Woonera ankangokhala ngati wamangiriridwa pampando umodzi m'holo ya zisudzo. Pofika 1930 anthu anali atakhuta nazo, moti makampani ena ankachotsa nyimbo m'mafilimu amene anali atajambulidwa kale.

Chimene chinatsitsimutsa mtunduwu ndi njira yatsopano yojambulira. Nyimbo ankayamba kuijambula payokha m'chipinda chabata, kenako pojambula zithunzi ankailiza pa zokuzira mawu, ndipo wosewerayo ankangotsatira ndi milomo. Kugogoda kwa nsapato za ovina nakonso ankakujambula padera pambuyo pake n'kukulumikiza ku filimu. Njirayi inamasula kamera kuti iziyenda, kukwera ndi kutsika, ndipo popanda iyo magule otchuka a mafilimuwa sakanatheka. Koma inalekanitsanso mawu ndi pakamwa pamene akuoneka kuti akutulukira, ndipo kuyambira pamenepo kampani inali ndi mphamvu yotenga nkhope ya munthu uyu, mawu a uyo, ngakhale phokoso la mapazi a winanso, n'kuzisoka pamodzi kuti zikhale katswiri mmodzi.

Woyamba kugwiritsa ntchito ufulu wa kamerawu mokwanira anali Busby Berkeley, yemwe pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse ankakonza perete wa asilikali a America ku France. M'chaka cha 1933 chokha anakonza magule a mafilimu atatu a Warner Bros., omwe ndi 42nd Street, Gold Diggers of 1933 ndi Footlight Parade. Berkeley sankalabadira kwenikweni ngati atsikana ake anali akatswiri ovina. Ankawandandalika makumimakumi atavala mofanana, n'kukweza kamera kudenga kuti iwaone kuchokera pamwamba, ndipo miyendo ndi mikono yawo inkapanga maluwa, nyenyezi ndi mawilo omatseguka ndi kutsekeka. Mpaka lero zithunzizi zimachititsa kaso, koma n'kovuta kuzionera osazindikira kuti mkazi m'magule amenewa alibe dzina kapena maganizo akeake, ndipo ntchito yake ndi kumwetulira pamene kamera ikudutsa pakati pa miyendo ya anzake.

Chaka chomwecho chinali pachimake pa mavuto azachuma amene anayamba ndi kugwa kwa msika wa masheya wa ku Wall Street mu 1929, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kukhala pa ntchito ku America anali pa ulova. Anthu ambiri amati mafilimuwa ankangothandiza oonera kuiwala njala, koma a Warner Bros. sanaibise njalayo. Gold Diggers of 1933 imayamba ndi Ginger Rogers ndi anzake atavala zovala zopangidwa ngati ndalama zachitsulo, akuyimba zoti chuma chabwerera, ndipo nyimboyo isanathe anthu otumidwa ndi khoti amalowa kudzalanda zovalazo chifukwa mwini sewero ali ndi ngongole. Filimu yomweyo imatha ndi gule wa asilikali opuma amene ali pamzere wolandira chakudya, patangopita chaka kuchokera pamene asilikali enieni otere anathamangitsidwa ku Washington mu 1932 atapita kukapempha ndalama zimene boma linawalonjeza. Kulimba mtima kotereku sikunakhalitse m'mafilimu oyimba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sikunakhalitse.

Njira yosiyana kotheratu ndi ya Berkeley inachokera ku kampani ya RKO. Fred Astaire ndi Ginger Rogers anaonekera limodzi koyamba mu Flying Down to Rio mu 1933, m'mbali zing'onozing'ono, ndipo anadzapanga mafilimu 10 ali awiri, 9 ku RKO pofika 1939 ndi imodzi ku MGM mu 1949. Astaire anaumirira kuti kamera izionetsa thupi lonse la wovina kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndiponso kuti gule azijambulidwa mosadukizadukiza, kuti woonera atsimikize yekha kuti zimene akuonazo zachitikadi. Anaumiriranso kuti gule azituluka m'nkhani ya seweroyo n'kuipititsa patsogolo, osangoikidwamo ngati chokometsera.

Filimu ya Top Hat ya mu 1935, imene nyimbo zake anapeka ndi Irving Berlin, imasonyeza bwino tanthauzo la zimenezi. Astaire akuvina yekha usiku m'chipinda cha hotela ku London, ndipo kugogoda kwa nsapato zake kukudzutsa Rogers amene wagona m'chipinda chapansi. Mkaziyo akukwera kudzadandaula, ndipo atabwerera kukagona, mwamunayo akutenga mchenga wozimitsira ndudu n'kuuwaza pansi, kenako akuvina pamchengapo mokwekwesa mapazi pang'onopang'ono mpaka mkazi uja atagona tulo. Pamenepa palibe mawu achikondi amene anenedwa, koma woonera wadziwa kale kuti munthu waphokoso uja ali ndi mtima wosamala. Tsiku lotsatira mvula ikuwatsekereza awiriwa pa kansanja ka m'paki. Mkaziyo, amene wavala buluku lokwerera hatchi, akuyamba ndi kumupatsa msana, kenako akutsanzira mayendedwe ake monyodola, kenako akupikisana naye phazi ndi phazi, mpaka akugwirana n'kuzungulira limodzi, ndipo nyimbo itatha akungogwirana chanza. Mkangano wonse, kukayikirana ndi kuvomerezana zachitika m'mphindi zochepa kudzera m'mapazi, ndipo apa m'pamene pali mtima wa mafilimu a mtunduwu.

Pali chifukwa chinanso chimene gule anasenzera katundu wochuluka chotere. Kuyambira pakati pa 1934 makampani a ku Hollywood anayamba kutsatira mosamalitsa malamulo a makhalidwe otchedwa Hays Code, amene ankaletsa kuonetsa poyera chilakolako, kupsompsonana kwa nthawi yaitali, komanso chikondi cha pakati pa mzungu ndi munthu wakuda. Zimene sizikanaloledwa m'chipinda chogona zinasamukira pabwalo lovinira. M'mafilimu awo ambiri Astaire ndi Rogers sapsompsonana n'komwe, koma amene waona Rogers atavala diresi la nthenga akuwerama chagada m'manja mwa Astaire mu Top Hat safunikira kuuzidwa chimene chachitika pakati pawo.

Chilema choyamba chimaonekera gule akangotha. Nkhani yonse ya Top Hat yakhazikika pa kulakwitsa kumodzi, kwakuti mkaziyo akuganiza kuti Astaire ndi mwamuna wa mnzake, ndipo funso limodzi lokha lofunsidwa moongoka likanathetsa filimuyo theka la ola lisanakwane. Olemba ankakoka nthabwala yomweyo kuchokera ku London mpaka ku mzinda wa Venice womangidwa m'situdiyo, woyera mbee, wokhala ndi milatho yonyezimira imene ku Italy kulibe. Chimene chimapulumutsa mbali zolankhulazi ndi anthabwala othandizira monga Edward Everett Horton ndi Eric Blore, amene ankabwerezedwa filimu ndi filimu, wina ngati bwana wosokonezeka, wina ngati wantchito wodzikweza kuposa bwana wake. Akakhala kuti palibe, woonera amangodikira nyimbo yotsatira. Otsatira mafilimuwa amayankha kuti nkhani yopepuka ndi yofunika kuti gule aoneke wolemera, ndipo yankholi lili ndi nzeru, koma silikhululukira mafilimu ambirimbiri amene nkhani inali yopusa ndipo gule nayenso anali wamba.

Kupepuka kwa magule abwinowo kunali kogula ndi mtengo waukulu. Aliyense amene anaonapo operekeza ukwati akulowa m'holo ndi masitepe awo amadziwa kuti kumwetulira kwa tsikulo kumakwirira masabata a kuyeserera ndi kukalipirana. Astaire ndi Hermes Pan, amene ankakonza naye magule, ankatha masabata akuyeserera filimu isanayambe kujambulidwa, ndipo Pan ndi amene ankavina mbali ya Rogers pokonzekera, kenako n'kukamuphunzitsa, komanso nthawi zambiri ndi iye ankajambulitsa kugogoda kumene kumamveka ngati kwa mapazi a Rogers. Chimaliziro cha gule womaliza wa mu Swing Time, ya mu 1936, anachijambula maulendo 47 tsiku limodzi, ndipo mapazi a Rogers anatuluka magazi m'nsapato. Pa kanema palibe chimene chimasonyeza ululuwo, chifukwa cholinga chonse cha ntchitoyo chinali choti isaoneke ngati ntchito.

Ku MGM kubisa kumeneku kunafika pokhala fakitale yathunthu. Arthur Freed, yemwe anayamba monga wolemba mawu a nyimbo, anasonkhanitsa gulu la otsogolera mafilimu, okonza magule, oyimba ndi zida, osoka zovala ndi omanga nsanja amene ankalandira malipiro chaka chonse, ndipo gululi ndi limene linapanga Meet Me in St. Louis mu 1944, On the Town mu 1949, An American in Paris mu 1951, Singin' in the Rain mu 1952 ndi The Band Wagon mu 1953. Pokhala ndi anthu ndi ndalama zotere, ankatha kuchita zinthu zooneka zosatheka. Mu Royal Wedding ya mu 1951 Astaire amavina pakhoma ndi kudenga, ndipo chinsinsi chake chinali chakuti chipinda chonse anachimanga m'chimgolo chozungulira, kamera ndi mipando atazikhomerera kuti zizizungulira limodzi ndi chipindacho, iye n'kumangoponda mbali imene yafika pansi. An American in Paris, imene pafupifupi yonse inajambulidwa ku California, imatha ndi gule wa mphindi 17 wopanda mawu, ndipo inapata Oscar ya filimu yopambana zonse.

Singin' in the Rain ndi imene imathandiza kwambiri kumvetsa nkhaniyi, chifukwa mutu wake weniweni ndi chinyengo cha mawu. Betty Comden ndi Adolph Green anauzidwa kuti alembe sewero loti mulowe nyimbo zakale za Freed ndi Nacio Herb Brown, ndipo iwo anaika nkhaniyo m'chaka cha 1927, pamene mafilimu ankayamba kulankhula. Katswiri wamkazi wotchedwa Lina, amene mbali yake anasewera Jean Hagen, ali ndi nkhope yokongola koma mawu ake ndi olasa m'khutu, choncho kampani ikubisa mtsikana wosadziwika, Kathy, kuti aziyimba ndi kulankhula m'malo mwake. Kumapeto katani ikukwezedwa, anthu akuona Kathy akuyimba kumbuyo kwa Lina, ndipo chilungamo chikupambana. Chodabwitsa n'chakuti filimu yodzudzula chinyengoyi inachita chinyengo chomwecho. Pa nyimbo ina imene Kathy akuoneka akuyimbira Lina, mawu amene amamveka si a Debbie Reynolds, amene anasewera Kathy, koma a woyimba wina, Betty Noyes, yemwe dzina lake silinalembedwe pa filimuyo. Ndipo pamene Kathy akuoneka akulankhula m'malo mwa Lina, mawu ofatsa amene amamvekawo ndi a Hagen mwiniwake, kulankhula mmene ankalankhulira masiku onse.

Izi sizichepetsa kukoma kwa gule wa Gene Kelly wa pamvula, amene mwina ndi wodziwika koposa m'mbiri ya mafilimu. Ataperekeza mtsikana kunyumba, Kelly akubweza galimoto imene imamudikira, akupinda ambulera, akulendewera pamtengo wa nyale ya mumsewu, akuima pansi pa paipi yotsitsa madzi a padenga, akupondaponda m'zithaphwi ngati mwana, mpaka wapolisi atamuimirira kumbuyo atapinda manja, ndipo iye akuchoka mwamanyazi n'kupereka ambulerayo kwa munthu wodutsa. Msewuwo unali womangidwa pabwalo la MGM, usikuwo unali masana ophimbidwa ndi malona, mvulayo inkachokera m'mapaipi, ndipo Kelly anali akudwala, thupi litatentha kwambiri, pamene ankajambula. Reynolds anali ndi zaka 19 ndipo sanali wovina pamene anapatsidwa mbaliyo. Anaphunzira m'miyezi yochepa pansi pa Kelly, yemwe anali wovuta kumukhutiritsa, ndipo naye mapazi ake anatuluka magazi atajambula gule mmodzi tsiku lonse mpaka usiku.

Oyimba obisika anali ambiri. India Adams anayimbira Cyd Charisse mu The Band Wagon, ndipo Marni Nixon anayimbira Deborah Kerr mu The King and I mu 1956, Natalie Wood mu West Side Story mu 1961 ndi Audrey Hepburn mu My Fair Lady mu 1964, koma dzina lake silinaoneke pa mafilimu onse atatuwo. Kuti kubisaku sikunali kofunika, umboni wake uli ku India. Kumeneko mafilimu olankhula anayamba ndi Alam Ara mu 1931, nayo yodzaza nyimbo, ndipo m'kupita kwa nthawi kuyimbira wosewera kunakhala ntchito yolemekezeka yochitika poyera, moti Lata Mangeshkar anatchuka kuposa akazi ambiri amene ankatsatira mawu ake ndi milomo. Hollywood inasankha kuti oonera azikhulupirira kuti munthu mmodzi ali ndi mphatso zonse.

Amene analipira mtengo wowawa koposa wa fakitaleyi ndi Judy Garland. MGM inamulemba ntchito mu 1935 ali ndi zaka 13, pa nthawi imene makampani ankamanga osewera ndi mgwirizano wa zaka 7 ndipo ankatha kuimitsa malipiro a aliyense wokana mbali imene wapatsidwa. Anasewera mu The Wizard of Oz ali ndi zaka 16. Iye mwini anadzafotokoza kuti ali wamng'ono ankapatsidwa mapilitsi ochotsa tulo ndi ochepetsa thupi kuti agwire ntchito maola ambiri, kenako ena ogonetsa. Kampaniyo inasiyana naye mu 1950 thanzi lake litasokonekera, ndipo anamwalira ku London mu 1969 ali ndi zaka 47, chifukwa cha mankhwala ogonetsa omwe anachuluka m'thupi. Komabe kunjenjemera kwa mawu ake, kumene kumachititsa kuti nyimbo zake za mu Meet Me in St. Louis zikhudze mtima ngakhale lero, n'kovuta kukulekanitsa ndi moyo umenewo.

Chilema chachikulu kuposa zonse ndi cha tsankho, ndipo chinalipo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa mu The Jazz Singer momwemo Jolson amayimba atadzipaka zakuda kumaso. Mwambo umenewu unachokera ku zisudzo za m'zaka za m'ma 1800, momwe azungu ankadzidetsa nkhope n'kumaseweretsa anthu akuda ngati opusa ndi aulesi. Hollywood inaupitiriza kwa zaka zambiri: Astaire anadzipaka mu Swing Time, Garland ndi Mickey Rooney mu Babes in Arms mu 1939, Bing Crosby mu Holiday Inn mu 1942. Chowawitsa n'chakuti gule wa tap, wogogoda pansi ndi nsapato zazitsulo, amene ndi msana wa mafilimuwa, anakulira pakati pa anthu akuda a ku America posakanikirana ndi magule a anthu ochokera ku Ireland, ndipo kayimbidwe ka jazz nakonso n'kawo. Eni lusowo ankaloledwa kulowa pakhomo lakumbuyo. Bill Robinson, katswiri wovina pamasitepe amene Astaire ankati akumulemekeza ndi gule wodzipaka uja, anaoneka mu The Little Colonel mu 1935 monga wantchito wa m'nyumba wovina ndi kamtsikana kachizungu, Shirley Temple.

Lena Horne, woyimba wakuda, analembedwa ntchito ndi MGM mu 1942, koma m'mafilimu ambiri sankapatsidwa mbali m'nkhani. Ankangoima payekha n'kuyimba nyimbo imodzi yosakhudzana ndi zochitika, kuti oyang'anira mafilimu a m'zigawo zakummwera kwa America, monga a mumzinda wa Memphis, athe kuidula popanda kuwononga sewero. Pamene MGM inkapanga Show Boat mu 1951, Horne ankafuna mbali ya Julie, mkazi wamagazi osakanikirana amene akudzionetsa ngati mzungu, koma inapita kwa Ava Gardner, mzungu, yemwenso nyimbo zake m'filimumo anamuyimbira Annette Warren. Abale awiri akuda, Fayard ndi Harold Nicholas, anavina limodzi ndi Gene Kelly mu The Pirate mu 1948, ndipo kummwerako gule ameneyo anadulidwa. Luso la abalewa limaoneka mokwanira mu Stormy Weather ya mu 1943, filimu ya anthu akuda okhaokha, mmene amavina pamwamba pa piyano ndi pakati pa oyimba a Cab Calloway, kenako n'kutsika masitepe akuluakulu akudumphana pamutu, aliyense n'kutera atatambasula miyendo mpaka pansi, n'kudzukanso osagwira pansi ndi manja. Filimu imeneyi pamodzi ndi Cabin in the Sky ya chaka chomwecho inakondedwa kwambiri ndi anthu akuda a ku Johannesburg, ndipo kalembedwe kake kamaoneka mu Jim Comes to Jo'burg ya mu 1949, mmene Dolly Rathebe anasewera monga woyimba wa m'kalabu yausiku.

Anthu a mayiko ena nawonso ankajambulidwa mongoyerekeza. Carmen Miranda, woyimba wa ku Brazil, anasandutsidwa mkazi wachipewa cha zipatso wolankhula Chingelezi chophotchoka, ndipo kwawo ambiri anamudzudzula kuti wasanduka wa ku America.

Pa nkhani ya akazi, mafilimu ena okoma kwambiri m'maso ndi amene amavuta kuwateteza. Seven Brides for Seven Brothers ya mu 1954 ili ndi gule wa pomanga nkhokwe wokonzedwa ndi Michael Kidd, momwe anyamata amadumpha pamatabwa ndi kupikisana mphamvu mochititsa chidwi, koma nkhani yake ndi ya abale amene akuba atsikana 6 usiku n'kuwatsekera kuphiri nyengo yonse yachisanu, ndipo pofika nyengo yophukira atsikanawo akhala atawakonda owaba. Gigi ya mu 1958, imene inapata ma Oscar 9, ndi ya mtsikana wa ku Paris amene achibale ake akumuphunzitsa kukhala mkazi wapambali wa munthu wolemera. Astaire, wobadwa mu 1899, anali akusewerabe monga wofunsira mbeta mu Funny Face mu 1957, momwe mnzake anali Audrey Hepburn wobadwa mu 1929. Sikuti akazi onse anali ogonja, ayi. Mu Gentlemen Prefer Blondes ya mu 1953 Marilyn Monroe ndi Jane Russell ndi amene ali ndi nzeru, amuna ndi amene akusekedwa, ndipo ubwenzi wa akazi awiriwo ndi wolimba kuposa chikondi chilichonse cha m'filimumo.

Mtunduwu unatha pamene fakitale imene inkaudyetsa inagwa. Mu 1948 khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu umene unakakamiza makampani akuluakulu kusiya umwini wa nyumba zoonetsera mafilimu, kotero analibenso msika wotsimikizika wa chilichonse chimene apanga. Wailesi yakanema inalowa m'makomo, chiwerengero cha opita kukaonera mafilimu chinatsika kwambiri, ndipo kusunga gulu la oyimba, ovina ndi osoka chaka chonse kunakhala kodula. Achinyamata nawo anatembenukira ku nyimbo za rock and roll, moti mu 1957 MGM yomweyo inatulutsa Jailhouse Rock ya Elvis Presley. Kupambana kwa The Sound of Music mu 1965 kunanyenga makampani kuti nthawi yakale yabwerera, koma mafilimu odula amene anatsatira, monga Doctor Dolittle mu 1967, Star! mu 1968 ndi Hello, Dolly! mu 1969, anawalowetsa m'mavuto azachuma.

Mu 1974 MGM inasonkhanitsa magule ake akale m'filimu yotchedwa That's Entertainment!, ndipo inagulidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo anthu ambiri amadziwa mafilimuwa kudzera m'zidutswa, monga mmene aliri lero pa YouTube, gule payekha popanda sewero lomuzungulira. Kaonedwe kameneka kamakomera mafilimuwo chifukwa kamachotsa nkhani zotopetsa ndi nkhope zopakidwa zakuda, zimene mawailesi ena akanema a ku America ankadulanso okha poonetsa Holiday Inn. Kathandizanso amene kale ankadulidwa, chifukwa gule wa abale a Nicholas, amene sanapatsidwepo mbali yotsogolera m'filimu ya ku Hollywood, tsopano amaonedwa pamzere umodzi ndi wa Astaire ndi Kelly. Abalewo analandira ulemu wa Kennedy Center, woperekedwa kwa akatswiri a zaluso, ku Washington mu 1991, ndipo mu 1994 Lena Horne anabwerera ku MGM monga mmodzi wa ofotokoza mu That's Entertainment! III, mmene anakamba poyera za mbali ya Julie imene anamanidwa, n'kuonetsanso nyimbo yake imene inadulidwa mu Cabin in the Sky mu 1943.